Jenereta ya Che Ishaq

Magetsi anazima Lachiwiri m'mawa, mu Julaye wa 2005, Debora ali mkati mosita malaya a mwamuna wake. Anaimika simbi patebulo n'kudikira, poganiza kuti ayaka posachedwa monga ankachitira masiku ena. Koma pofika masana nkhani inali itazungulira nyumba zonse za ogwira ntchito pa esiteti: akuba anali atakhetsa mafuta a mu thiransifoma ya kumunsi kwa mabulugamu, ndipo thiransifomayo inapseratu. Anthu a magetsi anabwera pa galimoto, anayang'ana m'mwamba, n'kunena kuti ina ichokera ku Blantyre. Tsiku sanatchule.

Mdima sunamuopse Debora. Anakulira ku Kapichi, m'nyumba imene koloboyi ankayatsidwa pokhapokha kukabwera mlendo. Chomwe chinamudetsa nkhawa chinali anapiye. Dzulo lake lomwelo anali atatenga anapiye mazana awiri a nkhuku zoyera zanyama, ongoswedwa kumene, n'kuwaika m'chipinda china cha kanyumba ka kuseri. Anathira utuchi pansi, anatseka zenera ndi masaka, ndipo anapachika mababu anayi pafupi ndi pansi kuti aziwatenthetsa. Anakonzekera zimenezi chaka chathunthu. Chikwatiwireni, iyi inali ntchito yoyamba imene akanaitcha yakeyake.

Tsoka lake inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kukuta minda yonse ya tiyi, kamvula kakuwaza kosaleka, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Masiku awiri oyamba Debora anayesa mbaula. Anapiye ankathamangira kumoto n'kuunjikana mpaka ena kupondedwa ndi anzawo, ndipo makala akazilala onse ankakanjenjemera pakona. Pofika Lachinayi anali atataya khumi ndi asanu ndi awiri.

Mwamuna wake Lusayo, wa kwawo ku Karonga, anali wothandizira manejala wa minda. Mwezi umenewo unali wodulira tiyi, choncho ankachoka mbandakucha pa njinga yamoto n'kubwerako dzuwa litalowa, nsapato zili matope okhaokha. Kufakitale kunali jenereta yaikulu imene phokoso lake linkamveka kutsidya kwa chigwa, koma magetsi ake sankafika kunyumba za antchito. Lachinayi madzulo Lusayo anabwera ndi kajenereta kofiira atakamanga kumbuyo kwa njinga. Anakabwereka kwa Che Ishaq a ku Masambanjati, amene malole awo ankatuta nkhuni za fakitale.

Anakaika pakhonde la kanyumba ka kuseri, n'kumuonetsa mkazi wake kasakanizidwe ka petulo ndi oyilo, ndi kakokedwe ka chingwe. Ankalankhula mofulumira, maso ali pa wotchi, chifukwa abwana ake ankamudikira ku ofesi.

"Mukamakoka musachite mantha, mayi a Jean. Kokani ngati mukuzula chinangwa."

"Nanga simbi iyaka?"

"Simbi, firiji, zonsezo iwalani. Mababu anu anayiwa, limodzi la pabalaza, mwina ndi wailesi. Mukaonjezera imazima. Muziimanga ndi tcheni pa nsanamirapo, anthu sali bwino. Ndipo chonde isanyowe. Ikanyowa imapsa, ndiye ndi ya eni ake."

Anakoka kawiri, kachitatu inalira. M'chipinda muja mababu anayaka, ndipo anapiye anayamba kumwazika pakona paja mmodzimmodzi, kukakhala pansi pa kuwala. Debora anaima pakhomo nthawi yaitali akuwayang'ana. Potembenuka anapeza mwamuna wake atapita kale, ndipo pamalo pake pataima bambo ake omubala, a Fabiano, atatsamira ndodo.

A Fabiano anagwira ntchito ya tiyi zaka makumi atatu ndi chimodzi pa esiteti ina, kuyambira wothyola mpaka ukapitawo. Akazi awo atamwalira anatsala okha ku Kapichi, ndipo matenda othamanga magazi atayamba kuwavuta Debora anakawatenga, poti chipatala cha esiteti chinali pafupi ndi nyumba yake. Mchimwene wake wamkulu, Amosi, amene ankagulitsa mbewu ku Thekerani, sanagwirizane nazo. Ankati si ulemu bambo kukakhala pakhomo pa mkamwini mwana wawo wamwamuna alipo. Koma Debora anaumirira, ndipo tsopano chaka chinali chitatha. Chaka chonsecho a Fabiano ankangokhala pampando pakhonde lakumaso, kuyang'ana anthu m'munda n'kumang'ung'udza kuti sakudula tiyi mmene amadulira. Mdzukulu wawo Jean anali ku sekondale yogonera konko, ndiye analibe ngakhale womukalipira.

"Kiyi wa tcheniyo undipatse ine," anatero a Fabiano.

"Ababa, phokosoli likupwetekani mutu."

"Mutu unandipweteka kale ndi kukhala. Ndipatse."

Kuyambira tsiku limenelo nyumba yonse inayamba kuyendera jenereta. Inkalira maola anayi, n'kuipumitsa kuti izizire, kenako kuiyatsanso. Ikapuma, Debora ankathamanga ndi mbaula kuti anapiye asazizidwe, ikayaka n'kuitulutsa. Usiku ankasinthana ndi Lusayo. Nyama yomwe inali mu firiji anaithira mchere n'kuiwamba, firijiyo n'kuisiya yotsekula kuti isanunkhe. Malaya a ku ntchito ankasita ndi simbi yamakala yobwereka. Zovala, mabulangeti, ngakhale shuga wa m'kabati, zonse zinayamba kumveka fungo la petulo. Polankhulana m'nyumba ankachita kukweza mawu, ndipo jenereta ikazima makutu ankapitiriza kulira okha.

Koma a Fabiano anatsitsimuka. Anasamutsa mpando wawo kuchoka kumaso kupita kuseri. Anaphunzira kuyeza oyilo, kupukuta pulagi, ndi kukoka chingwe ndi dzanja limodzi lina litagwira nsanamira. Ankadziwa ndi khutu lokha kuti mafuta atsala pang'ono. Anthu oyandikana nawo atayamba kubweretsa mafoni oti atchaje, tsiku lina anachuluka mpaka mababu anafooka. A Fabiano anawazula onse n'kulamula kuti azilowa atatuatatu, eni ake atafola monga amafolera pa sikelo ya tiyi. Ngakhale Marita, mkazi wa dalaivala wa thirakitala amene anali mnzake wapamtima wa Debora, ankadikira nthawi yake.

"Madala abwerera pa ukapitawo," Marita anatero akuseka.

Debora anasekanso. Anali asanawaonepo bambo ake akudya bwino chonchi chiwatengereni ku Kapichi. Anapiyenso anasiya kufa, ndipo timapiko tawo tinayamba kumera nthenga.

Lachisanu la sabata yachiwiri petulo anatsala wokwana tsiku limodzi lokha. Lusayo anati sangathe kuchoka ku ntchito, choncho Debora anakonzeka kupita yekha ku boma ndi chigubu. M'mawa umenewo mphepo inali itatembenuka, ikuomba kuchokera kumwera, ndipo kamvula kaja kanayamba kuwazira mpaka pakhonde la kuseri. Debora anatenga chidutswa cha lata n'kuchitsamiritsa pa jenereta.

"Ababa, muziiyang'ana isanyowe. Ikapsa tikanena chiyani kwa eni ake?"

"Pita. Zimenezi ndisiyire."

"Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa. Ukandigulire mabatire a tochi."

Ulendo umene ukanatenga maola atatu unamudyera tsiku. Galimoto ya matola imene anakwera inatitimira m'matope pa chitunda china, amuna onse kutsika kukakankha. Ku boma anapeza mzere wautali wa zigubu, poti si iye yekha amene analibe magetsi. Pobwerera anatsika pa mphambano nthawi itadutsa 3 koloko, n'kuyamba kukwera njira ya pakati pa tiyi wodulidwa, chigubu pamutu, chitenje chitanyowa n'kumamatira m'miyendo. Nkhungu inali yoti munthu sakanatha kuona nyumba yachitatu.

Ali pafupi kufika anamva jenereta ikulira, koma kulira kwake kunali kwachilendo, kwapansipansi, ngati munthu wolankhula atafunda bulangeti kumutu. Anazungulira kuseri. Pakhonde panali ponyowa mpaka kukhoma. Lata lija linali litaulukira m'maluwa, mpando wa bambo ake unalibe munthu, ndipo tcheni chinali pansi pa nsanamira, chokulungidwa bwinobwino, loko ali pamwamba. Chitseko cha chipinda cha anapiye chinali chotseka.

"Ababa?"

Anatula chigubu n'kukankha chitseko. Chinalimba, chifukwa kumunsi kwake kunali kotsekedwa ndi saka kuti mphepo isalowe. Atachikankha ndi phewa, chifunga chotentha chinamumenya kumaso mpaka misozi kutuluka. Mababu onse anayi ankayaka. Jenereta inali pakona, yokhazikidwa pa njerwa ziwiri kuti isakhudze utuchi. Anapiye anali mbwee pansi ponse, miyendo itawongoka, popanda ndi mmodzi yemwe wolira. A Fabiano anali atakhala pa chitini chazakudya za nkhuku, msana kukhoma, chibwano pachifuwa, manja pamaondo ngati munthu amene tulo tamuba ali kutchalitchi.

Anawagwedeza, anawaitana, koma sanayankhe. Anawagwira m'khwapa n'kuyamba kuwakoka chambuyo, akuponda anapiye osawaona, mutu wake womwe ukuyamba kuzungulira. Anawagoneka pa udzu kunja pamvula, n'kuika khutu pachifuwa. Mtima unkagunda, koma patalipatali. Anakuwa dzina la Marita mpaka mawu anasasa. Marita ndiye anabwera n'kulowa m'chipindamo atatseka mphuno ndi chitenje, kukazimitsa jenereta, kenako kuthamangira kukaitana mwamuna wake ndi thirakitala.

Ku chipatala cha esiteti anawaika mpweya n'kuwatumiza pa ambulansi ku chipatala chachikulu. Kumeneko dokotala wina wachinyamata anafunsa Debora mmene zinachitikira. Lusayo anali atafika, ataima pambali pake ndi chipewa m'manja.

"Anakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa. Ine ndinachoka m'mawa."

"Mayi, utsi umene mumauona uja si umene umapha. M'menemo muli mpweya wina wosaoneka, wosanunkha. M'chipinda chotseka munthu amangomva ngati tulo, osadziwa kuti akupita. Makina amenewa malo ake ndi panja, kaya kugwe mvula yotani. Tiyesetsa, koma sindingakulonjezeni kuti akadzuka adzakhala mmene analili."

Debora anayang'ana mwamuna wake. Lusayo ankayang'ana pansi.

Amosi anafika m'mawa mwake kuchokera ku Thekerani. Analowa mu wodi, anaima pa bedi la bambo ake, kenako anatuluka n'kuitana awiriwo kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, pamene panalibe anthu. Sanakweze mawu.

"Debora, unawatenga ukunena kuti akhale pafupi ndi chipatala. Sindinadziwe kuti umafuna mlonda wa nkhuku."

"Achimwene, anachita kupempha okha. Ankasangalala nayo ntchitoyo."

"Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wodwala, kumusiya yekha tsiku lonse ndi makina? Anawauza ndani kuti ailowetse m'nyumba?"

"Palibe. Ine ndinangoti isanyowe."

"Ndiye wayankha wekha."

Anatembenukira kwa Lusayo. "Nanga inu alamu? Inu ndinu ophunzira, makina mumakhala nawo tsiku ndi tsiku. Simunadziwe kuti chinthu chimenechi n'choopsa?"

Lusayo anatembenuza chipewa chake m'manja. "Ine ndinali ku ntchito, alamu. Za pakhomo amayendetsa ndi mayi a Jean."

Amosi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Akachira ndikuwatenga. Pamenepa pasakhalenso zokambirana."

Debora sanatsutse. Mawu ake omwe, akuti isanyowe, ankamubwerera m'mutu akamatunga madzi, akamachapa zofunda, akamakhala pansi pa bedi la bambo ake kuyang'ana chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika.

Tsiku lachitatu a Fabiano anatsekula maso. Anayang'ana denga, kenako mwana wawo.

"Zadya nkhuku?"

"Zadya, ababa."

"Mvula ija inkalowa. Ndinaona kuti ipsa."

"Munachita bwino. Gonani."

Anakhala m'chipatala masiku khumi. Ankayenda, ankadya, ankadziwa aliyense, ndipo Debora anayamba kukhulupirira kuti Mulungu wamuchitira chifundo. Tsiku lotuluka Amosi anabwera ndi galimoto ya mnzake. A Fabiano anadabwa kuona kuti katundu wawo yense ali kale m'galimotomo, koma sanafunse zambiri. Anangouza Debora kuti asaiwale kupukuta pulagi.

Debora anabwerera ku esiteti yekha. Magetsi anali atayaka masiku anayi apitawo. Marita anali atakwirira anapiye onse m'dzenje kuseri kwa nthochi, n'kusesa chipinda chija. Jenereta yokha ndi imene anaisiya pomwe inali, pa njerwa zake ziwiri, poti panalibe amene ankafuna kuigwira.

Patatha masabata awiri uthenga unabwera kuchokera ku Thekerani kuti madala asintha. Anayamba ndi kusochera pochokera kuchimbudzi. Kenako anaiwala kumanga mabatani a malaya, n'kuyamba kuyenda timasitepe tating'onoting'ono ngati akuopa kugwa. Anawabwezera kuchipatala, ndipo madokotala anati zimachitika: mpweya uja umavulaza ubongo, ndipo nthawi zina chilondacho chimadzaonekera mochedwa. Mankhwala ake panalibe. Debora atapempha kuti apite akawasamale, Amosi anayankha kudzera mwa mkazi wake kuti anthu owasamala alipo.

Kunyumba Lusayo anakhala munthu wofatsa kuposa kale. Ankabwera msanga, ankamugulira zinthu zimene sanapemphe, ndipo kawiri konse ananena zoti amupezere anapiye ena. Koma Debora akamukumbutsa zokabweza jenereta, ankati mawa, kapena sabata yamawa ntchito ikachepa. Mwezi wa Ogasiti uli pafupi kutha, Debora anatopa kuiona. Anaikulunga m'saka, Marita anamuthandiza kuinyamula mpaka pamsewu, ndipo Debora anakwera nayo matola kupita ku Masambanjati.

Anawapeza Che Ishaq pabwalo la nyumba yawo, akuyang'anira anthu omwe ankasintha tayala la lole. Anali bambo wamtali wa ndevu zaimvi. Atamva kuti mlendoyo ndi mkazi wa Lusayo, anasamba m'manja, anaitanitsa mipando, n'kukhala naye pamthunzi.

"Pepani kwambiri, mayi. Nkhani ya bambo anu ndinaimva. Ndakhala ndikufuna kubwera, koma ndimachita manyazi poti chinthucho chinachokera m'manja mwanga."

"Inu munatithandiza. Cholakwa chinali changa."

"Ayi, musadziweruze. Akuluakulu ena samva zouzidwa. Ine chimene chimandipweteka n'choti ndinachita kunenetsa. Zaka zapitazo dalaivala wanga wina anafera m'galaja chifukwa cha chinthu chomwechi, ndiye sindibwereketsa osanena. Amuna anu ndinawauza kawiri. Atakwera kale njinga ndinawagwira mkono, ndikuti, bwana, mukawauze onse a pakhomo, isalowe m'nyumba ngakhale mphindi imodzi, bola inyowe ipse, ndidzagula ina. Koma nanga munthu wamkulu akatsimikiza zake, mungamuletse?"

Debora anayang'ana anthu aja akulimbana ndi tayala.

"Munati bola ipse?"

"Ndithu. Makina ndi makina."

Anathokoza, anakana tiyi amene anamukonzera, n'kunyamuka. M'galimoto yobwerera sanamve ngakhale zimene anzake ankakamba. Atatsika pa mphambano sanalowere kunyumba. Anafunsa mlonda wa pageti kumene a Lusayo ali, n'kutsata msewu wa m'minda mpaka anaona njinga yamoto itaimikidwa pansi pa mtengo. Tiyi wodulidwa uja anali atayamba kuphuka timasamba tofiirira. Lusayo atamuona anasiya anthu amene ankalankhula nawo n'kubwera mofulumira.

"Kwagwanji? Ndi madala?"

"Ndachokera kwa Che Ishaq. Ndakabweza jenereta."

Lusayo anaima. Anayang'ana kumbuyo kuona ngati antchito ali kutali.

"Anakuuzani, bambo a Jean. Akuti anachita kukugwirani mkono."

"Anandiuza."

"Ndiye?"

"Ndinaiwala. Tsiku limene lija mutu unali wodzaza, abwana akundiimbira foni njira yonse. Ndinanena za tcheni, za mvula, chachikulucho n'kuchisiya. Sindinaganize kuti wina angailowetse m'nyumba. Ndinadzakumbukira dokotala uja akufotokoza."

"Kuiwala aliyense amaiwala. Inenso sindinafunse, ndipo ndine ndinawasiya okha. Zimenezo ndidzafa nazo. Koma kuseri kwa khitchini kuja, achimwene akukufunsani, munali mutakumbukira."

Lusayo anayang'ana kumbali, ndipo Debora anapitiriza.

"Mwezi wathunthu ndi masabata mwakhala mukundiona ndikulephera kudya. Mumagona pambali panga. Mumandigulira nsalu."

"Ndinkaopa, mayi a Jean. Ine kuno ndine mlendo. Abale anu akanati mkamwini wa kumpoto wapha bambo athu. Inu ndi mwana wawo, ndinkati adzakukhululukirani."

"Sanandikhululukire."

Mphepo inadutsa m'mabulugamu. Kapitawo wina anaitana kuchokera kumunsi, koma Lusayo anamukwezera dzanja kuti adikire.

"Ndichite chiyani?"

"Loweruka tipite ku Thekerani. Mukanene pamaso pawo zimene mwandiuzazi."

"Zikasintha chiyani? Madala sachira nazo."

"Sachira. Koma mukanene."

Loweruka anapita onse awiri pa njinga yamoto. Amosi anawalandira pakhonde la nyumba yake, kuseri kwa sitolo, pakati pa matumba a nandolo. Lusayo anafotokoza zonse, osabisa ngakhale zoti anakhala chete dala. Amosi anamvetsera mpaka kumapeto, akutokosa pansi ndi kamtengo.

"Mwanena, alamu. Zikomo. Amuna ambiri sakanabwera." Kenako anayang'ana mlongo wake. "Mawu ena amene ndinakuuza kuchipatala anali olemera. Koma bambo akhala konkuno. Sindikunena mokwiya. Kuwasamutsanso kungowasokoneza. Ukafuna kuwaona, khomo ndi ili."

Mkazi wa Amosi anamutengera Debora kuseri. A Fabiano anali pamkeka padzuwa, atavala juzi ngakhale kunkatentha, ataonda moti kolala inkawalendewera. Ndevu zinali zitakula. Debora anagwada patsogolo pawo.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

Anamuyang'ana mwaulemu, n'kuyankha mawu ataliatali amene Debora anangotolapo awiri kapena atatu.

"Chichewa chinawathawa," mlamu wakeyo anatero motsitsa mawu. "Tsopano ndi Chilomwe chokhachokha, cha makolo awo. Ine ndimamvako poti kwathu timalankhula."

Debora anakula akumva Chilomwe kwa akuluakulu okha akamakamba zoti ana asamve, ndipo sanachiphunzire.

"Akuti chiyani?"

Mlamu wake anazengereza. "Akufunsa kuti ndinu mwana wa yani, ndipo mwachokera kutali bwanji."

"Auzeni kuti ndine Debora, mwana wawo."

Mayiyo anawauza. A Fabiano anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yabwino ya anthu ena, n'kulankhulanso.

"Akuti mwachita bwino kubwera, ndipo akupepesa kuti alibe choti akupatseni."

Debora anapempha madzi ofunda, sopo ndi lezala. Anawakhazika pampando, anawakulunga thaulo m'khosi, n'kuyamba kuwameta ndevu pang'onopang'ono, akuwagwira chibwano ndi zala ziwiri. A Fabiano anakhala phee, maso otseka, akutembenuza tsaya akawatembenuza. Atamaliza anawawenga zikhadabo za m'manja ndi za kumapazi. Lusayo anabwera n'kuima pakona ya nyumba, koma madalawo sanamuyang'ane n'komwe, ndipo patapita kanthawi anabwerera kumaso.

Kuyambira pamenepo Debora ankapita ku Thekerani Loweruka lililonse lachiwiri, nthawi zambiri yekha pa matola. Anapempha mlamu wake kuti azimuphunzitsa Chilomwe, mawu ochepa ulendo uliwonse: moni, madzi, kudya, kupweteka. Ukwati wake sunathe. Ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa, ndipo Jean atabwera ku holide anangoona kuti makolo ake akulankhulana mwaulemu kwambiri. A Fabiano anakhala moyo mpaka mvula ya chaka chotsatira. Miyezi yomalizira Debora ankatha kucheza nawo pang'ono popanda womasulira, ndipo ankamulandira bwino ulendo uliwonse, n'kumuuza mpongozi wawo kuti mlendoyo asapite osamwa madzi.